Theka la Piritsi

"Ine si dokotala, alamu, koma maso ndili nawo. Amayi anabwera m'nyumba muno akuyenda okha. Lero akuyenda chogwira khoma."

Mlamu wake ananena zimenezi ataima pakati pa khitchini, botolo la mchere lili m'manja ngati wakuba amene wamugwira yekha. Telala, monga ankamutchulira aliyense mumsewuwo chiikireni makina osokera pakhonde, ankatsuka mpunga ndipo anapitiriza kutsuka. Anali atakhala pabanjapo zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankadziwa kuti mlongo wamkulu wa mwamuna wakeyu akayamba kulankhula, nzeru ndi kumudikira atope.

Nkhaniyi inachokera kuchipatala m'mawa womwewo. Apongozi ake anali ndi matenda othamanga magazi, aja anthu amangoti bipi. Kwa zaka zitatu ankamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse, zinthu n'kumayenda bwino. Koma kwa miyezi iwiri tsopano manambala ankangokwera. Tsikulo namwino anawayeza mkono uwu ndi uwo, kenako anati abwerenso pakatha masabata atatu. Akadzawapeza chimodzimodzi adzawagoneka, chifukwa chimene ankaopa n'chakuti tsiku lina angadzuke mbali imodzi itafa.

Mlamuyo ndi amene anawaperekeza, ndipo anabwerako ndi mlandu wathunthu, kungosowa woweruza. Anayamba ndi mchere, anapita ku mafuta, kenako anafunsa ngati amayi amapatsidwa n'komwe mankhwalawo, poti ena m'nyumba muno amadzukira pa makina ngati kuti nsalu ndi imene inawaberekera mwamuna. Apa Telala anapukuta manja n'kukatenga paketi ya mwezi wathawo kuchipinda kwa apongozi. Tsiku lililonse linali ndi kabowo kake, ndipo panalibe piritsi lotsala. Mlamu anawerenga timabowoto ndi chikhadabo, kawiri.

"Basi ndi mchere," anatero.

Apongozi, amene ankamva zonse ali pampando pabalaza, anati ana azisiye, ndi ukalamba chabe. Mwana wawoyo sanawamve. Ananyamula chikwama n'kulengeza kuti Lamlungu la sabata yamawa abwera kudzaona akakolo a amayi ake. Akadzawapeza adakali otupa adzawatenga kupita nawo kwake, kumene anthu amadziwa kusamala makolo.

Kupatula mlamuyo, amene mwamwayi ankakhala mbali ina ya tauni, nyumbayo inali yamtendere. Apongozi ndi amene ankadzuka koyamba. Ankasesa pabwalo ngakhale awaletse, n'kumwa tiyi wopanda shuga, ndipo akakolo asanayambe kutupa ankayenda wapansi mpaka kumsika kukangoona zimene zafika. Mwamuna wa Telala ankayendetsa lole ya kampani yophika buledi. Ankakhala pachiwongolero kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masana n'kudya tchipisi ndi nyama yowotcha ya m'mbali mwa msewu, n'kutsitsira mabotolo awiri a zakumwa za shuga. Mwana wawo wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, ankakana chakudya cha m'mawa kuti chimanenepetsa, koma m'chikwama chake cha kusukulu munkatuluka mapepala a maswiti okwana kukolezera moto. Telala naye sankadzinamiza. Ulendo wake wautali pa tsiku unali wochoka pakhonde kupita kukhitchini.

Matupi a onsewa ankawadziwa ndi tepi. Thalauza la yunifolomu la mwamuna wake anali atalikulitsa katatu m'zaka ziwiri, ndipo mumsoko simunatsale nsalu yokulitsira kachinayi. Akamuuza, mwamunayo ankasisita mimba n'kunena kuti imeneyo ndi satifiketi ya Telalayo, yosonyeza kuti amadziwa kusunga mwamuna. Anali munthu wanthabwala, wosapsa mtima msanga, ndipo masiku amenewo anali atayamba khalidwe lina lokondweretsa: asanapite kuntchito ankalowa kuchipinda kwa amayi ake, n'kutseka chitseko, kukawadzutsa ndi kucheza nawo pang'ono. Telala ankaona ngati mwamuna wake wayamba kukula.

Kuyambira tsiku la mkanganolo, Telala anachotseratu mchere m'nyumbamo. Kale ankathira wa kunsonga ya supuni, tsopano ngakhale umenewo ayi. Mwamuna wake analawa nyemba n'kufunsa mwaulemu ngati ziphikidwenso kapena zatha pamenepo. Mwana anayamba kupita kukadyera kuchipinda, ndipo aliyense ankadziwa chimene anabisako. Apongozi okha ndi amene ankadya osadandaula, maso ali m'mbale. Koma sabata inatha akakolo ali chitupire, ndipo masana ankamanga mpango kumutu n'kukagona.

Lachinayi la sabata yachiwiri, Telala anatenga sizasi yake yaying'ono yodulira ulusi n'kupeza ufa woyera pakamwa pake. Aka sikanali koyamba, ndipo nthawi zonse ankaupukuta poganiza kuti ndi choko cholembera nsalu. Koma choko chimene ankagwiritsa ntchito mwezi umenewo chinali chabuluu. Anapukuta ufawo ndi chala, ndipo pofuna kulowetsa ulusi m'singano ananyambita chalacho monga mwa masiku onse. Chinawawa mpaka kukhosi.

Ntchito imene inali pamiyendo pake inali malaya a mwamuna wake, othothoka batani. Telala aliyense amayamba wapisa m'matumba asanasoke, ndipo m'thumba la pachifuwa anapezamo kapepala kopindidwa kanayi. M'kati mwake munali theka la piritsi, lodulidwa bwinobwino pamzere wake wapakati. Zikuoneka kuti tsiku lina mwini wake ananyamuka mofulumira n'kuliiwala.

Telala anadzuka pa makina. Kenako anaitana apongozi kuti adzayese diresi imene ankawasokera. Anawaimika pabalaza, n'kugwada kuti alunge m'mphepete ndi mapini. Anthu amalankhula bwino akakhala kuti sakuyang'anana, ndipo zimenezi anaziphunzira pa ntchito yomweyi.

"Amayi, sizasi yanga yaying'ono ija mumadulira chiyani?"

Apongozi anayang'ana kudenga. Anati mwina ulusi.

"Ulusi wowawa, amayi?"

Anatulutsa kapepala kaja n'kukatambasula pampando. Apongozi anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha kukhala pansi, mapini ali chomwecho. Anafotokoza motsitsa mawu. Miyezi iwiri yapitayo kuntchito kwa mwana wawo kunabwera anthu a zaumoyo ndi tenti, n'kumayeza aliyense wofuna. Iye anapita moseka, kuti akaseke anzake. Atamuyeza anamupeza ndi bipi yokwera, n'kumuuza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. M'malo mwake anabwera kunyumba, n'kukakhala pabedi la amayi ake ngati mwana amene walephera mayeso. Anati akapitawo a kuntchito kwake akamva amulanda makiyi a lole. Anatinso Lachiwiri, tsiku la odwala bipi, kuchipatala kumakhala nkhalamba zokhazokha ndi ndodo zawo, ndiye iye, bambo wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, akakhale pamzere umenewo anthu akumuona?

"Ndiye ndikanatani, mwana wanga? Ndizimeza lonse ine, iye akuyendetsa chilole chija mutu ukugunda? Awiri aja ndinawalera ndikudula chilichonse pakati. Dzira pakati, sopo pakati, ngakhale bulangete. Anafapo ndani?"

"Dzira ndi nkhani ina, amayi. Ili theka silikukwanira inu, silikukwaniranso iwo. Mukudwala awiri ndi mankhwala a munthu mmodzi."

"Ine thupi lachepa. Ndi laling'ono ngati la mwana. Theka limandikwanira."

"Akakolo anuwa akuti chiyani?"

Apongozi anabweza mapazi kunsi kwa mpando. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wawo wamkazi asamve, chifukwa akamva iye ndiye kuti msewu wonse wamva, mpaka akapitawo. Telala anafunsa ngati iye azingosenza mlandu wa mchere umene sanathire.

"Iwe ndiwe wolimba mtima," anatero apongozi, akumusisita paphewa. "Umatha kupirira."

Telala anaona kuti mawu oyamikira ena amalemera kuposa chipongwe. Anati kuyambira mawa aziwapatsa yekha mankhwalawo, aziona akumeza. Apongozi anayankha mofatsa kuti mano alibe ambiri, koma tsaya ali nalo, ndipo kubisa piritsi m'tsaya si ntchito. M'mawa mwake Telala anabisa sizasi m'kabati. Masana anapeza ufa woyera pa mpeni wosendera mbatata.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anadikira mwamuna wake pakhonde. Anamusiya avule nsapato, amwe madzi, kenako anamuikira kapepala kaja pabondo. Mwamunayo anayamba ndi nthabwala. Anati sankadziwa kuti anakwatira wapolisi, akanadziwa bwenzi akumupatsa sawatcha polowa pageti. Nthabwalayo itagwa pansi popanda woitola, anati iye akumva bwino kwambiri, ndipo amayi ndi amene anamukakamiza.

"Inu mukumva bwino," anatero Telala. "Amene akuyenda chogwira khoma ndi amayi anu."

Mwamunayo anayang'ana mapazi ake. Anati apita, kungoti sabata ino ntchito yachuluka, dalaivala mnzake ali patchuti. Telala anamukumbutsa kuti mlongo wake akubwera mkucha ndi chikwama. Mwamunayo anati amuuza yekha, mwachimuna, Telala asavutike. Koma Loweruka m'mawa analowanso kuchipinda kwa amayi ake n'kutseka chitseko, ndipo potuluka anadutsa mkazi wake akuyang'ana wotchi.

Lamlungu mlamu anafika anthu atangomaliza kudya masana, chikwama chachikulu chopanda kanthu chili m'manja, takisi ataiimika pageti. Sanakhale pansi. Anagwada n'kudinikiza chala pakakolo ka amayi ake, ndipo chala chitachoka panatsala kadzenje. Anayang'ana Telala ngati munthu amene wapeza siginecha yake pamenepo. Apongozi anati sapita kulikonse, pano ndi pawo, bedi la kumeneko ndi lofewa kwambiri ndipo limawapweteka msana. Mwana wawoyo anati sanabwere kudzafunsa maganizo.

Mwamuna wa Telala anali pakona, akupolisha nsapato za kuntchito. Telala anamuyang'ana. Iye anathira polishi wina pa nsapato imene inali ikuwala kale. Telala anamupatsa nthawi yonse imene inatenga kupinda madiresi anayi, juzi ndi mipango, n'kuika m'chikwama mwadongosolo. Nsapatoyo inali idakali m'manja. Ndiye Telala anapita kukatenga paketi ya mapiritsi n'kuipereka kwa mlamu wake ndi manja awiri.

"Atengeni, alamu. Kwanu akapeza bwino msanga, chifukwa akamameza lonse. Chovuta n'chakuti muzikumbukira kutumiza theka linalo kuno m'mawa uliwonse, lole isananyamuke."

Mwana, amene anali pafoni pampando wautali, anadzuka yekha n'kupita kuchipinda osauzidwa. Mlamu anafunsa kuti theka lanji. Telala anabwerera pa chikwama n'kuyamba kulongedza masilipasi.

"Ndine, achemwali," anatero mwamunayo pomaliza, akulankhula ndi nsapato. "Amayi amandigawira. Nanenso anandipeza nayo."

Mlamu anakhala pansi kwa nthawi yoyamba tsikulo. Anayang'ana mlongo wake, anayang'ana amayi ake, kenako anayamba, koma motsitsa mawu kuposa masiku onse, ndipo zimenezo zinaopsa kwambiri. Anafunsa ngati ali ndi manyazi okhala pabenchi koma alibe manyazi olanda nkhalamba mankhwala m'kamwa. Anafunsa ngati akudziwa kuti msewu umene lole yake imadutsa m'mawa ndi womwe ana asukulu amawoloka. Apongozi anayesa kulowererapo kuti mwanayo sanapemphe, anamupatsa okha.

"Inunso amayi, mpaka liti? Munthu wa imvi m'ndevu uyu. Mukadzagwa, adzakudulirani mwendo wake umodzi kuti mugawane?"

Mwamunayo anati ankaopa. Ananena mawu amenewo mosazungulira, ndipo Telala, amene anali atakonzeka kumukwiyira mpaka Lachitatu, anapeza kuti mkwiyo wake wayamba kuphwa. Mwamunayo anati pa madalaivala onse a pakampanipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anavomerapo kuti amamwa mankhwala. Munthu amangomva kuti uje wagwa kubafa, uje wapuma ntchito. Anati sankadziwa kuti munthu amayamba bwanji, amalowera khomo liti, amati chiyani akafika.

Apongozi anamvetsera mwana wawo mpaka anamaliza. Kenako anatambasula dzanja, mlamu n'kuwabwezera paketi ija.

"Khomo ndikulidziwa ine," anatero. "Lachiwiri langa likafika tipitira limodzi. Kuyambira mawa ndizimeza lonse, mkazi wako akuona, ndizitsegula ndi kukamwa komwe. Koma ukadzati ntchito yachuluka tsikulo, ine sindidzamezanso, lonse kaya theka. Udzasankhe wekha."

Takisi inabwerera yopanda munthu. Mlamu anatulutsa yekha madiresi m'chikwama n'kukawabwezera m'kabati, ndipo anawapinda molakwika, koma Telala sanakonze. Kupepesa sanapepese. Anangoti pochoka, ali pageti, kuti nsalu ina ili kwake yofuna kusokedwa, ndipo matelala a mbali yawoyo ndi akuba nsalu okhaokha. Telala anati aibweretse.

Masiku otsalawo anayenda mwakachetechete. M'mawa uliwonse apongozi ankameza piritsi lathunthu n'kutsegula kukamwa monyadira ngati mwana wa mkaka. Pofika Loweruka anasesa pabwalo mpaka pageti, ndipo masilipasi anayamba kulowa osakakamiza. Mwamunayo ankabwera madzulo akusisita pachipumi. Kawiri anayamba kunena kuti mwina zikhoza kutha zokha akangochepetsa zakumwa zija, koma akayang'ana amayi ake ankasintha nkhani. Kwa akapitawo anapempha tchuti cha tsiku limodzi. Anawauza kuti akuperekeza amayi ake kuchipatala, ndipo akapitawo anamuyamikira kuti ana otere asowa masiku ano.

Lachiwiri ananyamuka atatu. Mwamunayo anavala malaya a kutchalitchi, osati yunifolomu, ndi chipewa chimene anachikokera mpaka m'maso. Pakhonde la chipatala panali mabenchi anayi odzaza. Nkhalamba zinalipodi, ndi ndodo zawo, zikupatsana moni ngati anthu a kalasi imodzi. Koma panalinso mayi wina wobereka mwana kumbuyo, bambo wa tayi amene ankayang'ana foni mosalekeza, ndi mnyamata wamtali wa zingwe za nyimbo m'makutu amene sakanapitirira zaka makumi atatu. Telala anamugunda mwamuna wake ndi chigongono kuti aone. Iye anati waona, ndipo anakweza chipewa pang'ono.

Odwala akale ndi amene ankayamba kulowa. Telala analowa ndi apongozi. Namwino anawamanga lamba pamkono, anadikira, anayang'ana manambala, n'kuyang'ananso m'buku pa tsamba la ulendo wapita. Anati atsika. Sanafike pamene iye akufuna, koma nkhani yogoneka ija yatha, abwerenso mwezi wamawa. Kenako anafunsa chimene chasintha. Apongozi anayang'ana Telala, Telala anayang'ana kalendala ya pakhoma, ndipo pamapeto pake apongozi anafotokoza okha.

Namwinoyo sanadabwe. Anati pa mabenchi amenewo pali amayi ambiri amene akumwera limodzi ndi amuna awo kapena ana awo amene iye sanawaonepo nkhope, ndipo ena amawaona koyamba atawanyamula pamachira. Anati iye ali ndi madalaivala angapo m'mabuku mwake amene akuyendetsabe bwinobwino, ndipo amene amamudetsa nkhawa ndi amene sabwera. Anafunsa ngati mwanayo wabwera.

"Ali panja," anatero apongozi. "Wa chipewa. Musamukalipire kwambiri, sanazolowere."

Potuluka anamupeza ataima pafupi ndi chipilala, kumene kumaima operekeza, manja ali m'matumba. Amayi ake anamuuza manambala awo, ndipo iye anavula chipewa n'kupumira m'mwamba. Kenako anamulozera benchi lakumapeto, la anthu otsegulitsa mabuku atsopano. Anapita pang'onopang'ono n'kuima pambali pake, osakhala. Kumapeto kwa benchilo kunali mkulu wina wa jekete lakale, chibwano atachitsamiritsa pandodo, amene anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba.

"Mwaperekeza ndani, achimwene?"

Mwamuna wa Telala anayang'ana kugeti, kumene kunali kotsegula ndipo kunalibe womuletsa. Kenako anayang'ana amayi ake, amene anaima okha pakati pa khonde osagwira kanthu.

"Ayi, bambo," anatero. "Ine ndi amene andiperekeza. Amayi anga ndi awo."

Mkuluyo anasuntha ndodo yake n'kusendera kuti papezeke malo.

"Ndiye khalani pansi. Oima sawawerenga kuno."